Wotukwana ndiye atsekedwe pakamwa

Pa 28 Disembala 2017, mumzinda wa Wichita ku Kansas, m'dziko la America, bambo wina wa zaka 28 adamva phokoso pabwalo pa nyumba yake natsegula chitseko kuti aone chomwe chikuchitika. Wapolisi adamuwombera pakhomo pomwepo, ndipo adamwalira. Bamboyu sadaputepo munthu. Sankadziwana n'komwe ndi anyamata awiri amene tsiku lomwelo adayambana pa gemu ya Call of Duty: WWII atataya ndalama ya kubetcha yokwana $1.50. Mmodzi mwa awiriwo, mkwiyo utamufika m'khosi, adakapeza Tyler Barriss wa ku Los Angeles, kadaulo woimbira apolisi mafoni abodza. Winayo, atamva kuti akumuopseza, adapereka adiresi ya nyumba yomwe banja lake lidasamukamo kale. Barriss adaimba foni n'kunama kuti wapha bambo ake ndipo waloza mfuti amayi ake ndi mng'ono wake m'nyumbamo. Apolisi adathamangirako zala zili pa mfuti. Mu 2019 khoti lidagamula Barriss kukakhala kundende zaka 20, ndipo mu 2023 mzinda wa Wichita udavomera kupepesa banja la malemuyo ndi madola 5 miliyoni. Ana awiri adatsala opanda bambo chifukwa cha dola imodzi ndi theka.

Osewera ambiri akamva nkhaniyi amafulumira kunena kuti iyi ndi yapadera, kuti m'magemu zinthu zimathera pa kutukwanizana basi, aliyense n'kukagona. N'zoona kuti si mkangano uliwonse umene umafikitsa anthu kumanda. Koma mtima woti amene wandigonjetsetsa ndi woyenera kuzunzika sungobwera wokha. Umaleredwa tsiku ndi tsiku m'mabwalo momwe kuuza mnzako kuti akadzimangirire ndi nkhani wamba, momwe kutukwana amayi a munthu wosamudziwa kumaseketsa anthu, momwe mtsikana akangoyankhula amayamba kufunsidwa za thupi lake. Xbox Live idayamba mu 2002, osewera ambirimbiri n'kuyamba kumvana mawu ali m'mayiko osiyana. Kuchokera nthawi imeneyo mpaka lero, malangizo amene wozunzidwa amapatsidwa sadasinthe: dina batani la mute, limba mtima, ndi mmene magemu alili. Malangizo amenewa ndi achinyengo, ndipo amene amawapereka akuikira kumbuyo wolakwa, kaya akudziwa kaya sakudziwa.

Aliyense amene adasewerapo Counter-Strike, Valorant, Dota 2 kapena League of Legends akudziwa chifukwa chake. Magemu amenewa ndi a anthu asanu mbali ino, asanu mbali inayo, ndipo timu imapambana chifukwa chouzana: mdani ali pati, watsala ndi mphamvu zochuluka bwanji, tilowere mbali iti. Kuuza munthu kuti atseke mawu a anzake ndiko kumuuza kuti asewere osamva, agonje, atsike mulingo, zonsezo chifukwa cha pakamwa pa munthu wina. Komanso munthu amadina mute atamva kale chipongwecho. Mawu alowa, mtima wapweteka, ndipo wotukwanayo akangomaliza gemuyo akupita kukayambira wina. Mute sathandizanso kanthu pa wosewera amene wakwiya n'kuyamba kudzipereka dala kwa adani kuti timu yonse igonje, kapena kungoima pakona manja lende. Gemu imodzi ya League kapena Dota imatha mphindi 30 mpaka 40, nthawi zina kuposerapo, ndipo amene watuluka isanathe amalangidwa ndi kompyuta nthawi yomweyo. Apa ndiye pali kupanda chilungamo koonekeratu. Mtsikana amene watopa ndi kuopsezedwa kuti agwiriridwa akatuluka, chilango chimamupeza pompopompo. Womuopsezayo mlandu wake umadikira kuti wina amuneneze, wina auone, ndipo kawirikawiri suonedwa n'komwe. Makampani adatsekera wozunzidwa m'chipinda chimodzi ndi womuzunza, kenako n'kumamulangiza kuti atseke makutu.

Bungwe la Anti-Defamation League la ku America lidafunsa akuluakulu osewera magemu a pa intaneti m'dzikolo mu 2019. Mwa 100 alionse, 74 adati adazunzidwapo m'magemu, ndipo 65 adati nkhanzayo idali yoopsa, monga kuopsezedwa kuti avulazidwa, kulondedwalondedwa kapena kuvutitsidwa kwa nthawi yaitali. Pofika 2021 chiwerengero cha ozunzidwa chidakwera kufika 83, ndipo pa ana a zaka 13 mpaka 17, atatu mwa asanu alionse adanena zomwezo. Zinthu zikafika pamenepa sitinganenenso kuti ndi ngozi ya apo ndi apo. Nkhanza yasanduka chikhalidwe cha malowo.

Atsikana ndi amayi ndiwo amasenza katundu wolemera kwambiri. Mu 2021 makampani a Reach3 Insights ndi Lenovo adafunsa amayi 900 osewera magemu ku America, Germany ndi China, ndipo 59 mwa 100 alionse adati amabisa zoti ndi akazi. Amatenga dzina lachimuna, maiki amazimitsa. Munthu wagula gemu ndi ndalama yake, walipira intaneti, koma kuti asewere mwamtendere ayenera kubisa mawu omwe adabadwa nawo.

Nkhani ya Kim Se-yeon wa ku South Korea, wodziwika ndi dzina loti Geguri, imandiwawa nthawi zonse ndikaikumbukira. Mu 2016, asanakwanitse zaka 18, adasewera Overwatch mwaluso lodabwitsa pa mpikisano wina, mpaka amuna ena a mumpikisanowo adakana kukhulupirira. Adati akubera, akugwiritsa ntchito pulogalamu yomulozera mfuti. Awiri mwa iwo adalumbira kuti mtsikanayo akapezeka wosalakwa iwo asiya kusewera, ndipo atolankhani a nthawiyo adalemba kuti wina adaopseza zokamupeza kunyumba ndi mpeni. Blizzard, eni ake a gemuyo, idafufuza n'kupeza kuti sadabere. Zimenezo sizidakwane. Adayenera kukakhala pamaso pa makamera kwa ola lathunthu, akusewera poyera, kuti anthu avomereze zoti mtsikana akhoza kuposa anyamata. Omuneneza aja adasiyadi, ndipo mu 2018 Geguri adalowa timu ya Shanghai Dragons, kukhala mkazi woyamba kusewera mu Overwatch League. Anthu amakonda kuifotokoza nkhaniyi ngati yachipambano. Ine maganizo anga amapita kwa atsikana ena osawerengeka amene adalibe luso lofika pa la Geguri loti n'kutsekera anthu pakamwa, amene adangozimitsa kompyuta tsiku lina osabwereranso. Palibe adalemba za iwo, ndipo amuna omwe adawathamangitsa ndi omwewo amene lero amafunsa kuti bwanji m'matimu akuluakulu mulibe akazi. Munthu sayenera kukhala katswiri wa dziko lonse kuti apatsidwe ulemu.

Munthu wakuda naye amazidziwa bwino. Dzina likangooneka lachiafirika, kapena Chingerezi chake chikangomveka kuti ndi cha kuno, mawu aja amene eni akapolo ankaitanira anthu akuda amatuluka msanga. Mu Sepitembala 2017 PewDiePie, yemwe nthawiyo adali ndi omutsatira ambiri pa YouTube kuposa wina aliyense, adatukwana mdani wake ndi mawu omwewo akusewera PUBG anthu akuonera. Iye adapepesa. Koma khamu la omutsatira lidamuikira kumbuyo kuti mawuwo adangomupulumuka chifukwa gemu idatentha. Chodzikhululukira chimenechi chafala kwambiri ndipo n'chabodza. Mkwiyo suphunzitsa munthu mawu atsopano, umangotulutsa zomwe zidali kale mkatimo.

Chimene chimandikwiyitsa koposa n'chakuti makampani akudziwa mankhwala ake, ndipo adawadziwa kalekale. Riot Games, eni ake a League of Legends, idakhazikitsa bwalo lotchedwa Tribunal mu 2011, momwe osewera ankawerenga zomwe mnzawo wonenezedwa adalemba m'gemu n'kuvota kuti alangidwe kapena akhululukidwe. Idalembanso ntchito akatswiri a maganizo a anthu, motsogozedwa ndi Jeffrey Lin, kuti afufuze gwero la chipongwecho pogwiritsa ntchito magemu mamiliyoni. Zomwe adapeza zidasindikizidwa m'magazini ya sayansi ya Nature mu 2016. Osewera amene amatukwana nthawi zonse adali pafupifupi mmodzi mwa 100 alionse, ndipo iwowa ankabweretsa 5 peresenti yokha ya nkhanza zonse. Zotsalazo zinkachokera kwa osewera wamba, anthu abwinobwino masiku ambiri, amene tsiku limenelo zinthu sizidawayendere. Adapezanso kuti kulanga munthu osamuuza chifukwa kumangomusiya ali wokwiya. Atayamba kuuza olangidwa chomwe alakwa, theka lidasintha khalidwe. Atawaonetsa mawu awo enieni omwe adalemba, osintha adafika 70 mwa 100. Makina atayamba kupereka chilango patangopita mphindi zochepa gemu itatha, adafika 92. Chilango chofulumira, chofotokozedwa bwino, chokhala ndi umboni, chimagwira ntchito. Umenewu si ulaliki wanga, ndi kafukufuku wa kampani yomweyo, wochitidwa ndi ndalama zake.

Zomwe Riot idapezazi zikutiloza chala tonsefe amene timagwira controller kapena foni. N'zosavuta kuganiza kuti vuto ndi kagulu ka anthu osokonekera mitu komwe tikakachotsa tipuma. Vuto ndi wophunzira amene walephera mayeso masana, usiku n'kukalipsira mwana wa zaka 12 amene waphonya chipolopolo chimodzi. Vuto ndi bambo wapabanja amene kuntchito amalemekeza aliyense, koma akavala mahedifoni pakamwa pake pamatuluka zosaneneka. Katswiri wa maganizo John Suler adafotokoza mu 2004 kuti munthu akabisala kuseri kwa dzina lopeka, osaona nkhope ya amene akuyankhula naye, manyazi amamuthawa. Onjezanipo mmene magemu a mpikisano adapangidwira: mapointi ako, amene wawavutikira miyezi, ali m'manja mwa alendo anayi omwe mwina sudzakumana nawonso. Ukagonja, mtima umafuna wina woti umuloze, ndipo woyandikira ndi mnzako wa timu imodzi. N'chifukwa chake chipongwe chowawa kwambiri m'magemuwa kawirikawiri chimachokera kwa a mbali yako yomwe. Kumvetsa zimenezi sikukhululukira aliyense. Kukutanthauza kuti amene adamanga bwalo lotere, n'kumadyerapo, ali ndi udindo woikamo malamulo oluma.

Paliponse pomwe ayesa moona mtima, zipatso zaoneka. Mu 2018 Blizzard idapatsa osewera Overwatch mwayi woyamikirana gemu ikatha, ndipo patangopita masabata ochepa mkulu wa gemuyo, Jeff Kaplan, adalengeza kuti magemu a mpikisano okhala ndi mawu achipongwe atsika ndi 26.4 peresenti m'mayiko a ku America ndi 16.4 peresenti ku Korea. Mu 2019 FACEIT, komwe akatswiri ambiri a Counter-Strike amasewerera, idaika makina otchedwa Minerva owerenga mauthenga, ndipo m'mwezi umodzi ndi theka adapereka machenjezo 90,000 n'kutsekera osewera 20,000. Mu 2023 Activision idayamba kugwiritsa ntchito ToxMod, makina omvetsera zomwe anthu akuyankhula mu Call of Duty, ndipo pofika Januwale 2024 maakaunti oposa 2 miliyoni adali atalandira chilango. Padatenga zaka zoposa 20 kuchokera pomwe osewera adayamba kumvana mawu kuti kampani yaikulu chonchi itchere khutu.

Kuchedwa konseku gwero lake ndi ndalama. Wotukwana nayenso ndi kasitomala. Amagula ma skin, amagula battle pass, ndipo kumutsekera ndiko kutaya zomwe akadagula mawa. Akakhala wotchuka, chipongwe chake chimasanduka malonda enieni. Tyler Steinkamp, wodziwika kuti Tyler1, adatchuka pa Twitch, tsamba loulutsirapo magemu, chifukwa chokalipa, kunyoza anzake ndi kugonjetsetsa timu yake dala. Mu Epulo 2016 Riot idamuletsa kusewera League popanda tsiku lobwerera, atatsekeredwa kale maakaunti oposa 20. Chiletsocho chidangomuwonjezera mbiri. Riot itamukhululukira mu Januwale 2018, anthu oposa 380,000 adaonera nthawi imodzi tsiku lomwe adabwerera, chiwerengero chomwe woulutsa mmodzi adali asanachifikepo pa Twitch. Posakhalitsa adayamba kuitanidwa ku zochitika za Riot yomweyo, ndipo mu 2020 timu yotchuka ya T1 idamutenga. Félix Lengyel, amene amadziwika kuti xQc, adaimitsidwa kawiri m'chaka choyamba cha Overwatch League chifukwa cha chipongwe, mpaka adasiyana ndi timu ya Dallas Fuel mu Malichi 2018. Mu 2023 adasaina ndi Kick, tsamba lina loulutsirapo magemu, kontrakiti yomwe nyuzipepala ya New York Times idati ikhoza kufika madola 100 miliyoni. Sindikutsutsa zoti munthu amasintha, ndipo amene wasinthadi ayenera kulandiridwa. Koma mwana wa zaka 14 amene akuonera zonsezi saphunzirapo za kulapa. Amaona kuti kukalipa kumabweretsa oonera, oonera amabweretsa ndalama, ndipo ndalama ikabwera chiletso chimasungunuka. Mawa lake amalowa m'gemu n'kutsanzira. Iye alibe khamu lomuonera, ali ndi anzake anayi okha oti awazunze.

Tisadabwenso kwambiri, chifukwa m'maofesi a makampaniwa momwemo mudali fungo lomweli. Mu 2018 mtolankhani Cecilia D'Anastasio adaulula pa tsamba la nkhani za magemu la Kotaku mmene amayi ogwira ntchito ku Riot ankachitidwira chipongwe ndi kuponderezedwa, ndipo mu Disembala 2021 kampaniyo idavomera kulipira madola 100 miliyoni kuti mlandu uthe. Activision Blizzard idasumiridwa ndi boma la California mu 2021, ndipo mu 2023 idavomera kulipira madola oposa 54 miliyoni pa nkhani ya kusalidwa kwa amayi pa malipiro ndi kukwezedwa pantchito. Bwana amene sadamve kulira kwa mayi wokhala naye ofesi imodzi angamve bwanji kwa mtsikana wosamudziwa yemwe akutukwanidwa pa seva?

Mu Meyi 2024 mayi wina amene amaulutsa masewera ake a Valorant adaika poyera kanema momwe mwamuna wina m'gemumo ankamuopseza ndi nkhani yogwiririra. Anthu mamiliyoni adaonera. Mwezi womwewo usanathe, Anna Donlon, mkulu wa Valorant ku Riot, adalengeza zilango zokhwima, kuphatikizapo kutsekera kompyuta yeniyeniyo ya wolakwa kuti asangotsegula akaunti ina n'kubwerera. Chiganizocho n'chabwino. Koma luso lochitira zimenezo lidalipo kale, chifukwa obera m'gemumo ankatsekeredwa makompyuta mwanjira yomweyo kuyambira pomwe Valorant idatuluka mu 2020. Wobera amaononga malonda, ndiye amapirikitsidwa msanga. Woopseza mkazi adasiyidwa mpaka manyazi atagwira kampani pamaso pa dziko lonse.

Pali ena amene amati kunyozana ndiko kumakometsa mpikisano, kuti tikachotsa zimenezi magemu azizira. Nanenso ndimakonda mpikisano wotentha. Tsiku lomwe Bullets ikukumana ndi Wanderers pa Kamuzu Stadium, masapota amagemulana, amaimbirana nyimbo, ogonja amabwerera kwawo mitu ili pansi, ndipo palibe amene amafuna kuti zimenezo zithe. Koma wosewera akatukwana mnzake za mtundu wake kapena kumuopseza kuti amupha, woyimbira mpira amatulutsa khadi yofiira, ndipo palibe amene amauza wotukwanidwayo kuti atseke makutu apitirize kuthamanga. Kuseka mnzako kuti wamugonjetsa, kumuuza kuti akaphunzire kaye, izo ndi za mpikisano. Kutukwana khungu lake, ulumali wake, chipembedzo chake, kumuuza kuti adziphe, kufufuza komwe amakhala, izo ndi nkhanza, ndipo mwana wa zaka 10 amadziwa kusiyana kwake. Amene amanamizira kusadziwa akungofuna kupitiriza.

Nkhawa imodzi yomwe ndimailemekeza ndi ya makina omvetsera mawu. Kampani ikamajambula zomwe anthu akuyankhula, tili ndi ufulu wofunsa kuti mawuwo akusungidwa kuti, kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo akuwamva ndani. Makina amalakwitsanso. Akhoza kulanga abwenzi awiri amene akungoserewulana, kapena munthu amene wabweza atatopa ndi kuputidwa. Choncho pakufunika anthu enieni oweruza, olipidwa bwino, komanso njira yochitira apilo. Zimenezi zimafuna ndalama, ndipo asatiuze kuti ndalamayo palibe. Mpikisano umodzi wokha, The International wa Dota 2 mu 2021, udali ndi mphoto ya madola 40 miliyoni, ndipo yochuluka yake idachokera pa gawo limodzi mwa magawo anayi la ndalama zomwe osewera adagulira battle pass m'gemumo. Milandu yoopseza moyo nayo isamathere pa kutsekera akaunti. Ipite kupolisi, monga kampani ya magemu ya Ubisoft idagwirizanira ndi apolisi a Northumbria ku England mu 2023.

Kwathu kuno nkhaniyi idafika kale, ngakhale makolo ambiri sadaizindikire. Idalowera pa foni. PUBG Mobile, Free Fire, Call of Duty Mobile ndi eFootball zili m'manja mwa achinyamata ku Ndirande, ku Area 25, ku Chipata, ku Tete, ndi kwa abale athu ku Johannesburg. Wosewera wa kuno amalowa m'gemu ali wolemedwa kale. Maseva ali kutali, netiweki imadukaduka, bandulo imatha gemu ili pakati, ndipo akachedwa kuwombera chifukwa cha lag anzake akunja amamutukwanira Africa yense. Nayenso akapeza wofooka kuposa iye amabwezera pa ameneyo. Makina a ToxMod aja adayamba ndi Chingerezi, kenako Chisipanishi ndi Chipwitikizi. Chipongwe cha m'Chichewa chimadutsa popanda wochiimitsa, ndiye kuti kuno mlonda ndi ife tomwe. Inu amene mumayendetsa magulu a WhatsApp a matimu, inu muli ndi malo osewerera PlayStation m'misika, inu mumakonza timipikisano ta FIFA Loweruka, lamulo lili m'manja mwanu. Wotukwana atuluke, ngakhale akhale katswiri woposa onse, ngakhale akhale amene amalipira kwambiri. Dziko la Malawi lili ndi lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act lomwe limaletsa kuzunza ndi kulondalonda munthu pa intaneti. Timalimva kawirikawiri wina akamangidwa chifukwa chonyoza akuluakulu andale, koma mwana wa sukulu woopsezedwa m'gemu nayenso ndi nzika yoyenera kutetezedwa nalo.

Makolo, kulanda foni si mankhwala. Mwana amene akudziwa kuti akadandaula foni ilandidwa sadzadandaula. Khalani naye pansi, achotse mahedifoni mawu amveke m'nyumba, mumve zomwe akuuzidwa. Mumvenso zomwe iye akuuza ana a eni ake, chifukwa mwina wozunza uja akudya nsima m'nyumba mwanu momwemo.

Pa zomwe Activision idalengeza mu Januwale 2024 pali chiwerengero china chomwe chiyenera kutichititsa manyazi osewera tonse. Pa nkhanza zomwe makina adagwira, wosewera mmodzi yekha mwa asanu ndi amene adaneneza. Anayi adamva n'kukhala chete. M'timu ya anthu asanu, pakakhala wotukwana mmodzi ndi wotukwanidwa mmodzi, pamatsala atatu, ndipo atatuwo ndiwo amagamula mlandu. Akaseka, wotukwana wapeza mphamvu. Akakhala duu, wotukwanidwa amadziwa kuti ali yekha. Timadzinamiza kuti tikupewa mikangano, pamene zoona zake n'zakuti tikuopa kuti chipongwecho chingatembenukire kwa ife. Chidzatembenuka ndithu, tiyankhule kapena tisayankhule. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Sindikupempha aliyense kuti akhale mlaliki m'gemu. Mawu ochepa amakwana: aise, zimenezo ayi, tiye tisewere. Osabweza chipongwe, chifukwa n'chomwe wotukwanayo akudikira. Gemu ikatha dinani report, lembani zomwe zanenedwa, ndipo muyamikire amene wasewera mwaulemu ngakhale mwagonja naye limodzi. Mnzanu wapamtima akakhala wa pakamwa poipa, muuzeni pamaso kuti simusewera nayenso mpaka asinthe, ndipo muchitedi. Woulutsa masewera amene amadyera kunyoza anthu musiyeni kumuonera, chifukwa maso anuwo ndiwo malipiro ake.

Ndipo inu makampani a Riot, Valve, Activision, Tencent ndi Garena, luso muli nalo, ndalama muli nazo, ndipo umboni woti chilango chimagwira ntchito ulipo kale. Ikani pa wotukwana liwiro lomwelo mumaika pa wobera ndi pa wotuluka gemu isanathe. Lembani anthu omva zinenero za osewera anu onse, kuphatikizapo za ku Africa. Chilango chifike tsiku lomwelo, wolangidwa aonetsedwe mawu ake, ndipo woulutsa wa mamiliyoni alangidwe mofanana ndi mnyamata wosadziwika wosewera pa foni ya mkulu wake.